Gogo Weatherwax ndimawakonda, koma asandisankhire

Lachinayi lapitali mnzanga amene timagona chipinda chimodzi ku hositelo anandibwezera buku langa la Carpe Jugulum, chikuto chitang'ambika pakona, masamba ena atathimbirira ndi tiyi. Kupepesa sanapepese. Anangoliponya pabedi n'kunena kuti, "Aise, dziko lino likusowa munthu ngati gogo ameneyu. Wosanyengerera, wongochita zinthu basi." Ndinaseka, chifukwa ndine ndinamukakamiza kuwerenga bukulo. Koma usiku umenewo tulo sitinabwere msanga. Mawu akewo ndawamvapo kwa anthu ambiri, ena akunena za anduna, ena za ahedi awo akale, ena za makolo awo, ndipo nthawi zonse amandisowetsa mtendere. Pakamwa sindimutha mnzangayu, choncho ndimuyankha pano.

Kwa amene simunawerengeko: Granny Weatherwax ndi munthu wa m'mabuku a Terry Pratchett, mlembi wa ku England amene anabadwa mu 1948 n'kumwalira mu 2015. Pratchett analemba mabuku 41 onena za dziko lopeka lotchedwa Discworld, dziko lafulati ngati mbale, losenzedwa ndi njovu zinayi zimene zaima pamsana pa kamba wamkulu. Gogoyu dzina lawo lenileni ndi Esmerelda. Anayamba kuoneka mu Equal Rites mu 1987, ndipo anatsanzika mu The Shepherd's Crown mu 2015. Amakhala okha m'kanyumba ka m'nkhalango, m'kadziko ka m'mapiri kotchedwa Lancre, ndi mbuzi zawo ndi njuchi zawo. Sanakwatiwepo, alibe mwana ngakhale mdzukulu. Ugogo wawo ndi waulemu chabe, monga timachitira kuno, n'chifukwa chake ine ndimangoti Gogo Weatherwax.

Vuto loyamba ndi la dzina la ntchito yawo. Mabukuwa amawatcha ndi mawu amene mtanthauziramawu aliyense angakuuzeni kuti ndi "mfiti". Ine mawu amenewa ndimawalemba dzanja likunjenjemera. Kwathu kuno mfiti si nthabwala. Lamulo la za ufiti la mu 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, komabe mu Januwale 2016 ku Neno okalamba anayi anaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwawo, mphezi itapha mtsikana wina. Pratchett nkhanza zoterezi ankazidziwa. Mu The Wee Free Men muli nkhani ya mayi wokalamba, Mrs Snapperly, amene anthu anamuganizira kuti waba mwana wa mwini dera. Anamuwotchera nyumba, anamuphera mphaka, ndipo anafera panja m'nyengo yozizira popanda womutsegulira chitseko. Mwanayo sanamube n'komwe.

Koma Gogo Weatherwax si mfiti ya lichero ndi kumanda. Mukawayang'ana ntchito zawo mupeza mzamba, sing'anga, nankungwi, woweruza timilandu ta m'mudzi, ndi munthu uja amene amachezera usiku wonse pambali pa wodwala amene aliyense akudziwa kuti safika m'mawa. Chipewa chakuda chosongoka ali nacho, tsache loulukira alinso nalo, ngakhale kuti ndi lovuta kulira ngati minibasi yofuna kukankha. Matsenga amawadziwa kuposa wina aliyense, koma sakonda kuwagwiritsa ntchito. Chida chawo chachikulu amachitcha headology, kutanthauza kudziwa mmene mitu ya anthu imayendera. Mu Maskerade bambo wina wodwala msana anapatsidwa botolo la madzi a shuga ngati mankhwala amphamvu, koma chimene chinamuchiza ndi bondo la gogo limene linamuwongola msana iye asakuyembekezera.

Ndiyambe ndi kuvomereza zimene mnzanga akunena zoona, chifukwa zilipo, ndipo n'zambiri.

Gogo ameneyu sathawa ntchito yonunkha. M'mabuku ambiri a zamatsenga ngwazi zimapulumutsa dziko lonse koma sizinachapepo zofunda za wodwala. Gogo Weatherwax amachapa. Salandira malipiro, kungoti anthu amawasiyira zovala zakale ndi chakudya pakhomo. Safuna kukondedwa. Mu Maskerade momwemo muli malo amene ndinawerenga katatu: mwana wakhanda akudwala, ng'ombe ya banjalo ikudwalanso, ndipo gogo akukhala m'khola usiku kudikira Imfa, amene m'mabukuwa ndi munthu weniweni, mafupa okhaokha, chikwakwa kumanja. Atchova naye njuga ya makadi pa moyo wa mwanayo, ndipo Imfa achoka ndi ng'ombe. Kumapeto kwa buku lomwelo agwira lupanga lakuthwa ndi dzanja lopanda kanthu osachekeka, anthu n'kudabwa. Atafika kwawo, ali okha, akhala pansi, akonzeratu nsalu yomangira, n'kulola bala lija kuti litseguke. Ngongole anangoyikankhira kutsogolo, sanayithawe. Pamenepo ndinaika buku pansi kaye.

Chinanso, mphamvu amaziopa. Mu Witches Abroad ya mu 1991 mdani wawo ndi mkulu wawo weniweni, Lily, amene akulamulira mzinda wa Genua pokakamiza anthu kukhala ngati a m'nthano: wantchito akwatiwe ndi kalonga afune asafune, wophika akhale wonenepa ndi wosekerera, apo ayi alangidwe. Lily amakhulupirira ndi mtima wonse kuti iye ndi wabwino, akupatsa anthu chimwemwe. Gogo akukumana ndi mmbulu umene Lily anausokoneza mutu kuti uziganiza ngati munthu pofuna kuti nthano iyende bwino, ndipo nyamayo, itatopa ndi zaka za kusakhala nyama kapena munthu, ikungopempha kufa. Mkwiyo wa gogo pamenepo ndi wolungama. Mfundo yawo ndi yakuti sungakonzere anthu moyo wabwino powaumiriza. Mu Carpe Jugulum amauzanso mbusa wachinyamata, Mightily Oats, kuti tchimo limayambira pamene wayamba kuona anthu ngati katundu.

Tsono gwirani mfundo imeneyo, tipite nayo kumayambiriro kwa buku lomwe mnzanga anandibwezera lija.

Mayi wina woyembekezera wa kumudzi wa Slice wapondedwa ndi ng'ombe. Gogo aitanidwa usiku. Aona kuti onse awiri, mayi ndi mwana, sangapulumuke. Mzamba wa m'mudzimo akuti bwanji tifunse bambo. Gogo akana. Asankha okha, apulumutsa mayi, mwana apita. Chifukwa chawo n'chakuti bamboyo akafunsidwa, chilichonse chimene angasankhe chidzamudya moyo wake wonse, ndiye kuli bwino katunduyo asenze iwo, ngakhale bamboyo adzawade. Owerenga ambiri amati apa ndiye pachimake pa ukulu wa gogoyu. Mnzanga anapinda tsamba limeneli pakona. Inenso ulendo woyamba ndinalira.

Ulendo wachiwiri ndinakumbuka azakhali anga.

Agogo anga akuchikazi, amene anandilera kuyambira ndili ndi zaka zinayi, anamwalira ine ndili pakati pa mayeso a MSCE kusukulu yogonera konko. Azakhali, amene m'banja mwathu mawu awo sabwezedwa, analamula kuti ndisauzidwe mpaka nditamaliza pepala lomaliza. Aliyense anamvera. Ndinafika kumudzi ndi chikwama changa ndi shuga wa agogo amene ndinagula ndi ndalama yotsala ya thiransipoti, ndinapeza nkhata zitafota kale pamanda. Mayeso ndinakhoza, ndi ine pano ku yunivesite. Azakhali akandiona amati, "Mukanauzidwa bwenzi muli kuti lero?" Mwina akunena zoona. Anasenza okha katundu wolemera, analolera kuti ndiwakwiyire, ndendende Gogo Weatherwax. Koma agogo anali anga. Kulira kunali kwanga, kusankha pakati pa pepala la Biology ndi dothi la pamanda kunali kwanga, ndipo wina anaona kuti mutu wanga ndi wochepa, n'kundichotsera zonsezo mwachikondi. Mpaka lero maliro a agogo sindinawalire bwinobwino, amangobwera pang'onopang'ono pa maliro a anthu ena.

Ndiye ndikamawerenga za bambo wa ku Slice uja ndimafunsa: anamuteteza, kapena anamulanda? Kumuchotsera munthu chisankho chowawa n'kumuchitira chifundo, inde, komanso n'kumuuza kuti sangathe. Ndipo munthu amene wagamulidwa kuti sangathe kusankha pa za mkazi wake ndi mwana wake, wasiyana pati ndi katundu uja gogo amanena?

Wina anena kuti imeneyo inali ngozi ya usiku, nthawi yokambirana panalibe. Chabwino. Tiyeni ku A Hat Full of Sky ya mu 2004, kumene nthawi inalipo yambiri. Banja lina linakumba chimbudzi pafupi ndi chitsime, ana akudwaladwala. Mfiti ina yofatsa, Miss Level, yakhala ikuwafotokozera za tizilombo tosaoneka ndi maso, iwo amangovomera mwaulemu, chimbudzi osasuntha. Gogo afika, awauza kuti matendawo akubwera ndi timizimu toipa tokopeka ndi fungo, ndipo tsiku lomwelo bambo ayamba kukumba kwina. Bukuli likufuna tiwombe m'manja: bodza lagwira ntchito pamene choonadi chinalephera, ana apulumuka. Ine ndikuti dikirani. Banja limenelo latsala losadziwa monga linalili, ndipo tsopano lili ndi umboni wakuti matenda amabwera ndi mizimu. Mwana wina akadzadwala chaka chamawa, chimbudzi chili kutali, adzafunafuna amene watumiza mizimuyo. Adzayang'ana kanyumba ka kumapeto kwa mudzi, kumene kumakhala mayi wokalamba wokhala yekha ndi mphaka. Mrs Snapperly anaphedwa ndi maganizo omwewo amene gogo akuwathirira madzi. Ife amene tinaona kolera ya mu 2022 ndi 2023, ndi mphekesera zimene zinkayenda nayo, sitingaseke nkhani imeneyi momasuka ngati wowerenga wa ku London. Njira ya Miss Level ndi yochedwa, yotopetsa, yochititsa manyazi, koma ndi yokhayo imene imasiya munthu ali wamkulu kuposa mmene unamupezera.

Za Wyrd Sisters ndingodutsa mwachangu. Pofuna kuchotsa Duke Felmet amene anapha mfumu n'kulanda mpando, gogo auluka kuzungulira Lancre usiku umodzi n'kusuntha dziko lonselo zaka 15 kutsogolo, kuti mwana wolowa ufumu akhale atakula. Sanafunse munthu. Amene anali ndi m'bale kunja kwa malire anangodzuka m'baleyo atakalamba. Ndipo chimene chinawafikitsa pamenepo si misozi ya anthu ozunzidwa yokha. Ngolo inatsala pang'ono kuwagunda pamsewu, woyendetsa osaopa chipewa chawo. Ulemu wawo utakhudzidwa ndi pamene moto unayaka.

Kunyada kumeneku si kachilema kongokometsera nkhani. Mu Carpe Jugulum anamapopa a banja la Magpyr akulanda dziko, gogo ali kuphanga, anyanyala, ndipo china mwa zimene zawapweteka n'chakuti akuganiza kuti sanaitanidwe ku mwambo wopatsa dzina mwana wa mfumu. Kalata yowaitana inatumizidwa, mbalame zinaba. Kufunsa sakanafunsa, chifukwa kufunsa n'kudzichepetsa.

Koma chimene chimandipweteka kwambiri ndi mmene amachitira ndi Magrat Garlick. Magrat ndi mtsikana wa m'gulu lawo, wokonda mabuku, wokhulupirira kuti zitsamba zili ndi mphamvu yakeyake ndipo n'kofunika kudziwa kuti chiti chimachiza chiyani. Kunena zoona mankhwala amawadziwa kuposa gogo. Malipiro ake ndi kunyozedwa buku ndi buku, kuyerekezedwa ndi nkhuku yonyowa, kudulidwa mawu. Mu Lords and Ladies ya mu 1992 Magrat abwera kuchokera kuulendo n'kupeza Mfumu Verence yakonza kale ukwati wawo, tsiku ndi alendo omwe, osamufunsira. Kenako apeza kalata: ndi gogo amene analembera mfumuyo kuti ichite zimenezo, poona kuti awiriwa ndi amanyazi, paokha sadzafika pena paliponse. Lily anakakamiza mtsikana kukwatiwa ndi kalonga, tinamutcha woipa. Mng'ono wake wakonzera mtsikana ukwati ndi mfumu mseri, tikuti ndi nzeru. Kusiyana kulipo, Magrat ankamukondadi Verence. Koma njira ndi imodzimodzi, ndipo gogo anadziwa bwanji kuti sakulakwitsa? Lily nayenso ankadziwa.

Aliyense wa ife anakhalapo Magrat. Unakweza dzanja m'kalasi, mphunzitsi n'kukuyankha mokuchititsa manyazi, anzako n'kumati ndi wabwino ameneyu, amatiumba. Amatiuza kuti wakutsina khutu ndi mnansi. Mwambiwo ndi woona, koma ena amautenga ngati chilolezo, amatsina chifukwa kutsina kumawakomera, ndipo makutu ena anathothoka osamva kanthu. Inde, Magrat pamapeto pake avala zankhondo n'kukamenyana ndi mfumukazi ya adani, ndipo okonda gogo amati mwaona, nkhanza zija zinamulimbitsa. Ine ndimaona mtsikana amene analimba ngakhale ankanyozedwa, ndipo mwina akanalimba kale akanapeza womulimbikitsa.

Apa ndiye pagona nkhani yanga ndi mnzanga uja. Gogo Weatherwax amakhoza nthawi zonse chifukwa pali munthu wina, wakhala pa kompyuta ku England, amene akuonetsetsa kuti akhoze. Akanama, bodzalo limachiza. Akasankhira munthu, chisankhocho chimakhala cholondola. Akanyoza, wonyozedwayo amakula. Akaluza, timapeza kutsogolo kuti kuluzako inali njira yopambanira: anamapopa aja atawayamwa magazi, m'malo moti gogo asanduke namapopa, anamapopawo ndi amene anayamba kulakalaka tiyi ndi kuganiza ngati gogo. N'zokoma kuwerenga, ndinakuwa ndi chimwemwe. Koma kunja kuno kulibe mlembi. Munthu wosanyengerera, wosafunsa, wotsimikiza kuti akudziwa chimene chikukuyenera, alipo m'maofesi, m'matchalitchi, m'mabanja, ndipo amalakwitsa monga tonsefe, kungoti palibe amene angayerekeze kumuuza. Makolo athu anakhala zaka 30 pansi pa munthu mmodzi amene ankadziwa zonse, ndipo pofika 1993 anavota kuti zikwane. Ndiye wina wa msinkhu wanga akamati tikusowa munthu wongochita zinthu, ndimafuna kudziwa kuti wakonza zotani tsiku limene munthuyo adzachite zinthu pa iye.

Chilungamo chake, Pratchett sanali wakhungu pa zimenezi, ndipo n'chifukwa chake ndimamulemekeza kuposa omutsatira ena. Anaika m'mabukumo mbiri ya Black Aliss, mfiti yamphamvu imene inakhala yokha nthawi yaitali mpaka inasiya kusiyanitsa chabwino ndi choipa. Analemba kuti mfiti zimayenderana, kumwa tiyi pamodzi ngakhale sizikondana, n'cholinga choyang'anirana kuti wina asayambe kupenga ndi mphamvu. Gogo amadziwa kuti mumtima mwawo muli mdima, amadzilondera usana ndi usiku, ndipo chimene amakwiyira Lily kwenikweni n'chakuti mkulu wawoyo atachoka pakhomo, iwo anatsala ndi udindo wokhala wabwino, umene sanaufune. M'nkhani yaifupi ya The Sea and Little Fishes anzawo awapempha kuti asapikisane nawo chifukwa amapambana chaka chilichonse, iwo ayamba kukhala okoma mtima, ndipo mudzi wonse ugwidwa ndi mantha. Ndi nthabwala, koma ili ndi fupa mkati: munthu amene kumwetulira kwake kumathawitsa anthu ali ndi vuto.

Ndiponso pambali pawo pali Nanny Ogg nthawi zonse, mayi wa ana 15, wokonda mowa ndi nyimbo zolaula, amene amalowa m'nyumba iliyonse n'kutuluka akudziwa zonse chifukwa anthu amamasuka naye. Nanny ndi amene amadziwa nthawi yoti gogo abwezedwe, ndi amene amatola anthu amene gogo awaponda. Popanda Nanny, Gogo Weatherwax akanakhala Black Aliss wachiwiri. Koma sindinamvepo munthu akunena kuti dziko lino likusowa Nanny Ogg. Tonse timafuna lilime lakuthwa lija. Kuchapa zofunda, kuchezera ndi akufa, bala lotseguka uli wekha, mantha odziopa wekha, zimenezo timazisiya m'buku.

The Shepherd's Crown inatuluka Pratchett atamwalira kale, atadwala kwa zaka zingapo matenda a Alzheimer's amene analengeza mu 2007. Gogo adziwa kuti tsiku lakwana. Akolopa nyumba yonse, asamba, avala bwino, agona pabedi. Imfa abwera mwaulemu. Kanyumba asiyira Tiffany Aching, mtsikana wa kudera la nkhosa amene amawerenga mtanthauziramawu, amafunsa mafunso, ndipo zikamukulira amaitana anzake kuti amuthandize. Ndimakonda kuganiza kuti posankha wolowa m'malo, gogo anasankha munthu amene sadzachita zonse monga iwo. Koma onani, ngakhale pamenepo anangolemba pakapepala, osakambirana ndi wina aliyense, enawo anangopeza zitagamulidwa.

Mnzanga uja ndamupatsa Lords and Ladies, ndapinda pakona tsamba la kalata ija, tione ngati abwerenso ndi mawu omwewo. Holide ikubwerayi ndikupita kumudzi. Azakhali akalamba tsopano, miyendo ikuwavuta, ndipo ndi ine amene ndimawaperekeza kuchipatala ndikakhalako. Ulendo watha adokotala anandiitanira pambali n'kundiuza zotsatira, anati ndione ndekha ngati n'koyenera kuwauza. Ndinawauza tili m'minibasi, tisanafike n'komwe pa siteji. Anakhala chete mpaka kunyumba, kenako anandituma kukagula shuga.